Mendulo ya Alamu Anu Inagwera M'kankhande

Nambuma,
Novembala, 1955

Okondedwa achimwene a Andrea,

Kodi muli bwanji kumeneko ku Halale, pamodzi ndi alamu ndi ana? Kuno tilipo. Amayi miyendo ndiyo ikuwavuta, koma pakamwa pali bwinobwino monga mukuwadziwira. Mvula yagwa, anthu adzala, koma ine mtima suli m'malo.

Nkhani ndi ya alamu anu a Bizwell, bambo a Jenipher.

Mukudziwa kuti analowa usilikali wa Keyala ali mnyamata. Anamenya nkhondo ku Abisiniya, ku Bama, ndi komaliza ku Malaya. Anatuluka ali Sajeni Meja, pachifuwa pali mendulo ija anawapatsa atawoloka mtsinje atabereka kumsana mnzawo wovulala, zipolopolo zikugwa. Akakuwa pa perete, anthu mazana ankaima chilili. Lero ali pachikamwini pano, akulima kamunda kamchenga kaja kuseri kwa dambo, ndipo pabwalo pakakhala nkhani mawu awo salowa. Kukacha amapukuta jombo zopanda kopita, n'kumazungulira khola ngati munthu wataya singano.

Sabata yatha anawaitana ku boma ku Lilongwe, pa tsiku lokumbukira asilikali. Akuti Bwana Disi anawagwira chanza pamaso pa gulu. Pobwerera anatsika lole pamsewu, n'kulowa kanjira ka kudambo atavala malaya awo a khaki ndi mamendulo onse, kuti mudzi uwaone kamodzi.

Ndiye pokhota paja pa mkuyu anangoti gululu ndi amayi, atasenza nkhuni.

Inu achimwene, mkamwini angatani? Munthu amene sanathawe mfuti anadumphira patchire kupewa apongozi, monga mwambo unenera. Tsoka ilo, anagwera m'kankhande. Minga inang'amba malaya, inathothola mendulo ija ya kumtsinje, iwo n'kutulukira mbali ina magazi ali chuchuchu m'mikono. Amuna amene ankamwa mowa kwa a Gladson anaona zonse. Anaseka mpaka kugubuduka, ena n'kumaimba sawasha akufuula kuti chiphona cha ku Bama chathawa nkhalamba ya nkhuni. Inenso poyamba ndinaseka, koma nditaona nkhope ya alamu anu kuseka kunandithera.

Amayi anatula nkhuni, anakwawa muminga ndi miyendo yawo yomweyo mpaka anaitola mendulo ija. Sakanatha kuwapatsa m'manja, choncho anaikulunga m'tsamba la nthochi n'kundipatsira ine. Ndinaitula pamaso pa alamu anu. Sanaikhudze. Anangoti ndimusungire Jenipher, pano palibe chifuwa choivala.

Tsono mzungu wina amene anali naye ku Malaya wawaitana kukayang'anira alonda kumigodi ya ku Nkana, ndipo avomera kupita mwezi ukatha. Inu mukudziwa bwino amuna akapita uko mmene amabwerera. Ndinawadikira nkhondo zitatu, ndikudumpha mtima ndikaona mesenjala panjira. Ulendo uno sindingathe.

Ndinawafunsa chimene chingawaletse. Anayankha kuti kwawo ku Nsaru munda wa amalume awo ukungomera tchire, ndipo kumeneko akayankhula anthu amamva. Ankhoswe awo anabwera kudzapempha chitengwa, kuti anditenge ine ndi mwana tikakhale kumeneko. Amayi anati iwo alibe mawu, mwini mbumba ndi inu. Ndikudziwa kuti akuopa kutsala okha, koma mng'ono wanga Helena ali pomwepa, ndipo ku Nsaru si kutsidya kwa nyanja.

Munanena kale kuti mbumba yanu siichoka pamudzi inu muli moyo. Chabwino. Koma mlendo ndi mame, achimwene, sachedwa kukamuka. Mukakana, mudzi wanu udzakhala wodzaza, ine ndidzatsala ndi kachitsulo m'tsamba la nthochi.

Chonde yankhani lisanafike tsiku la lole yopita nawo kumigodi. Mawu amodzi okha akwana. Dzulo ndawapeza atatsitsa bokosi lawo lachitsulo, akudzoza mafuta pa loko.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Jenipher akuti malume abwere ndi nsapato. Mulungu akusungeni, ndipo akufewetseni mtima.

Ndine mlongo wanu wosowa mtendere,
Rozaria