Amayi Alowa m'Sewero Osadziwa

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana, ndiponso kuti chifuwa chomwe chinkavuta amayi mwezi watha chinalidi cha fumbi monga munanenera. Pamenepa mundiuze zoona, chifukwa masiku ano munthu akangotsokomola tonse mitima imakhala m'mwamba. Ine kuno ndili bwino. Ndikudya, ndikugona, ndipo makani aja sanathe.

Ndisanapite patali, ndiloleni ndipereke dandaulo langa mwalamulo, ine chitsirizira wa m'nyumba imeneyo, mwini digiri, munthu wosapalamulapo mlandu. Pa chithunzi chomwe munatumiza, kuseri kwa khutu lanu, pazenera, ndaona kapu yanga ya mzere wobiriwira. Muli misomali. Kapu imene inandiperekeza mpaka mayeso omaliza, imene inayenera kukhala m'kabati ya galasi alendo n'kumaiona, inu mwaisandutsa nkhokwe ya dzimbiri. Musanamizire ana. Misomaliyo ndaizindikira, ndi ija mumazula m'matabwa akale n'kumati tsiku lina idzagwira ntchito. Nkhaniyi ndaisunga mumtima.

Ndasankha kulemba kalata chifukwa pafoni simundipatsa mpata. Ndikangoti nditchule gulu lathu la zisudzo, inu mwayamba kale kundiuza nthawi yomwe basi imanyamuka. Pepalali simungalidule mawu, ndiye khalani pansi mumve.

Zoti holo yathu ya zisudzo inatsekedwa chifukwa cha mliri munamva, ndipo ndikudziwa kuti simunalire. Zovala zathu zonse, mipando yachifumu ndi ndevu zomata zinatsekeredwa momwemo. Mkulu wa gulu, amene timamutcha Bwana Mawa chifukwa chilichonse amati tichita mawa, anati tiyese kuonetsa sewero pa intaneti. Tinavala bwino, tinakonzeka. Anatipenyerera anthu oti mungawakweze pa njinga imodzi: chibwenzi cha mnyamata wathu woona za zingwe ndi masipika, dzina lake Magetsi, ndi mayi wina amene analowa molakwitsa akufuna mapemphero. Anadikira mwaulemu mpaka pakati, kenaka anafunsa kuti abusa afika nthawi yanji. Anthu athu kuno bandulo ya intaneti amaisungira kufunsa za odwala awo, osati kuonera ife tikufa mwabodza.

Komwe ndimakhala mukukumbukira: nyumba zosanjikizana zinayi zoyang'anizana, pakati pali bwalo la simenti, mpopi umodzi ndi zingwe zoyanikira zovala. Chiyambireni mliriwu anthu anadzitsekera. Zomwe tinkamva ndi ana akulira, mabanja akukangana, ndi ambulansi ikamalowa pachipata. Tsiku lina ndikuyanika bulangeti ndinakweza maso n'kuona nkhope pazenera lililonse, zikungondiyang'ana ine ndi bulangeti langa ngati pali china chichitike. Ndinathamangira kukauza Bwana Mawa kuti mipando ya holo ili apa, yodzaza kale, ndipo palibe akutsokomolera mnzake. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anati tichite lero.

Alonda anavomera pokhapokha pasatsike munthu. Tinajambula ndi choko malo oima aliyense motalikirana, masiki kukamwa, sipika pamwamba pa ndowa yovundikira. Koma panabuka vuto lomwe aphunzitsi athu sanaliganizire. Lamulo loyamba la pasiteji ndi loti usapatse oonerera msana. Tsono m'bwalo muja oonerera ali mbali zonse zinayi. Chimtali, amene amatenga mbali zikuluzikulu ndipo lamuloli linamulowa m'magazi, anangoti atembenukire uku, n'kukumbukira a kumbuyo, atembenukire uko, n'kukumbukira ena. Anazungulira ngati galu wofuna pogona, akulankhula za chikondi, mpaka chizungulire chinamugwetsera m'beseni la matewera la mayi wina wokhala pompano, amene timawatcha Mayi a Mapasa. Achimwene, kuseka komwe kunatsika m'mazenera amenewo sindinakumvepo ngakhale m'holo yodzaza. Anthu anaseka ngati akusanza zomwe zinawakhala pachifuwa miyezi yonseyi.

Kuyambira pamenepo sewero silinakhalenso lathu tokha. Timaonetsa masana Loweruka lililonse, ndipo tikafika pomwe nkhani yavuta timaima n'kufunsa mazenera. Mwachitsanzo, ofuna kuti mkazi wa m'sewero amukhululukire mwamuna wake amapachika thaulo, okana amamenya poto. Mkati mwa sabata amatitsitsira maganizo awo ndi chingwe, ena amangokuwa ndikamatunga madzi. Pali atelala okalamba a pansanjika yachitatu, amene mliriwu unawatengera akazi awo, ndipo katani yawo inakhala yotseka kuyambira pa maliro. Loweruka lina tinangoona katani yasuntha. Lotsatira lake anatsegula zenera n'kumukalipira Chimtali kuti akweze mawu, anthu ena makutu anatha. Chimtali sanakondwepo ndi kukalipiridwa ngati tsiku limenelo.

Tsopano ndifike pa mlandu waukulu, womwe inunso muli nawo mbali chifukwa ndinu munaphunzitsa amayi kutumiza uthenga wa mawu.

Foni yanga ndi imene timalumikiza ku sipika. Mmenemo muli mvula, galu wouwa, chitseko chomenyetsedwa ndi bingu. Loweruka lapitali ine ndinali mtsikana woima pamsewu ndi sutikesi, wosadziwa kolowera, ndipo pamenepo pamayenera kugunda bingu. Magetsi, ndi zala zake zonga mipini, anadina polakwika. M'malo mwa bingu, nyumba zonse zinayi zinamva amayi anu:

"Iwe mwana, ukundimva kapena makutu unasiya kuno? Anthu akufa, iwe uli pamtetete kudumphadumpha ngati wopanda kwawo. Tinakutumiza kusukulu kuti ukaphunzire zibwana? Longedza katundu ubwere, ndisachite kukutumira munthu." Kenaka, ndi mawu ena aja, otsika, anafunsa ngati ndikudya.

Magetsi anagwira pamutu. Bwana Mawa ankandikodola kuti ndithawire kuseri kwa mpopi. Koma lamulo lachiwiri la pasiteji ndi loti sewero siliima, kaya denga likugwa. Sutikesi inali kale m'manja. Ndinaiika pansi, ndinayang'ana sipika ija ngati ndi nkhope yawo, n'kuyankha kuti: "Amayi, ndikudya. Koma sindibwera. Ndikachoka pano mazenera awa atsekedwanso."

Mayi a Mapasa ndi amene anayamba kumenya poto. Kenaka mbali ina inapachika mathaulo, kuti mwana amvere amake. Atelala anakuwa kuti mayiyo akunena zoona koma mtsikanayo asapite, ndipo atafunsidwa kuti zimenezo zitheka bwanji anati si ntchito yawo, olemba sewero ndife. Ife tinalongedza zingwe n'kumapita, koma mkangano unapitirira kuchokera zenera ili kupita zenera ilo mpaka dzuwa kupendeka. Anthu omwe akhala moyandikana zaka osapatsana moni ankatchulana mayina, aliyense akusimba za amake, amoyo ndi omwe anapita.

Palibe amene akukhulupirira kuti inali ngozi. Akuti ndi luso. Mphunzitsi wina wa pansi pathu wandiuza kuti mayi wa pasipikayo ndiye katswiri m'gulu lonse, enafe tiziphunzirako. Lachitatu poyeserera Chimtali anayesa kutsanzira mawu awo, ndipo ana a pamwamba anamugenda ndi makoko a malalanje. Akufuna eni ake.

Achimwene, zomwe ndinayankha sipika ija ndilo yankho langa kwa inunso. Ndathokoza chifukwa cha ntchito ya ukalaliki yomwe mwandipezera ku sitolo ya alamu, koma ipatseni wina woti sadzakangana ndi makasitomala. Musaganize kuti ndilibe mantha. Woimba ng'oma wathu anadwala, tonse tinadzitsekera mpaka titayezedwa, ndipo masiku amenewo ndinkagona foni ili pachifuwa. Anachira, ngakhale akakwera masitepe amapumira m'njira. Ndikudziwanso kuti amayi sakukalipa chifukwa chodana ndi zisudzo. Akuopa kudzamva za ine pafoni. Koma kukwera basi yodzaza n'kudzawakumbatira ndi zomwe ndatola m'njira, chimenecho ndiye chibwana chenicheni. Manja ndikusamba mpaka asuluka, masiki sindivula, ndipo pabwalo palibe amandiyandikira kupitirira mzere wa choko.

Inu mumati ntchito yathu ndi ya nthawi ya mtendere, anthu akakhuta. Bwerani mudzaime pampopi paja Loweruka, mudzaone atelala atapesa tsitsi, atavala jekete, kudikira pazenera nthawi isanakwane. Mukadzaona zimenezo mudzandiuzenso kuti ndi timasewera.

Pempho langa ndi limodzi. Muwawerengere amayi kalatayi yonse, osadumpha pomwe pakukukhudzani, ndipo muwapemphe kuti azinditumizira uthenga sabata iliyonse Loweruka lisanafike. Asakonzekere, asasinthe mawu, angondikalipira monga mwa masiku onse. Akavomera ndidzawaika pasipika, akakana ndizidzangomvera ndekha m'chipinda, zomwenso sindingadandaule. Mukaona kuti mkwiyo wawachepera, muwauze kuti ndameta tsitsi lonse. Sindinamete, koma zitipatsa masewero a mwezi wathunthu.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ndimawamvera chisoni tsiku lililonse. Moni kwa achemwali ndi amuna awo, kwa amalume, kwa azakhali amene ndikudziwa kuti amva nkhaniyi inu musanamalize kuwerenga, ndi kwa ana onse. Asambe m'manja, ndipo agogo awo aziwapatsa moni ali pakhomo.

Pomaliza, popeza ine ndinatha zaka ku yunivesite kuphunzira kuima, kupuma ndi kulira pa nthawi yake, koma amayi andilanda ulemerero wonse m'mphindi imodzi ali khale pampando kwawo, ndikufuna chipukuta misozi. Mliriwu ukadzatha, holo ikadzatsegulidwa, amayi adzabwere kuno ali amoyo ndi athanzi. Adzakhale kutsogolo penipeni, pakati pa atelala ndi Mayi a Mapasa, ndipo sewero likadzatha adzaimirire n'kundiombera m'manja okha mpaka alonda adzazimitse magetsi. Inu mudzawanyamulire mpando wawo pamutu kuchokera kunyumba mpaka kuno, wapansi, mukuuza aliyense wokumana naye kuti mlongo wanu ali pantchito. Chochepera pamenepa sindilandira, ndipo apilo palibe.

Ndine mlongo wanu wosamva uja,
Chitsirizira