Ndinaima Kumbuyo kwa Mai Tchale

Achimwene,

Landirani moni wanga. Muli bwanji ku Joniko pamodzi ndi alamu? Kuno tilipo, kungoti amayi miyendo ikuwavutabe ndi kutenthaku.

Ine mtima suli m'malo. Loweruka tinali ndi chisankho cha komiti ya sikimu yathu ya mpunga. Mukudziwa mmene timasankhira: opikisana amaima kutsogolo, ife n'kundanda kumbuyo kwa amene tikumufuna. Ndinapempha kuti ulendo uno tivote mobisa, koma a Zuze, apampando aja, anangoseka. "Mwanawe, tibisirane chiyani pachibale?"

Chibale chake chimenecho! Mlembi ndi mkamwini wawo, msungichuma ndi mlamu wawo, ndipo kiyi wa pampu amagona m'thumba mwawo. Mpunga wa chaka chatha unaolera mosungira, palibe anawafunsa. Anthu amang'ung'udza kumsika, koma Loweruka onse anakathithikana kumbuyo kwa a Zuze, mitu ili pansi. Ine ndinaima kumbuyo kwa mai Tchale, amene ankapikisana nawo. Nditacheuka, kumbuyo kwanga kunali mbuzi basi.

Chiyambire tsikulo madzi sanafike m'munda mwathu. Akuti ngalande yatsekeka, chonsecho kwa oyandikana nafe akusefukira. Mbande zayamba kuchita chikasu.

Mundawu uli m'dzina lanu, choncho chonde muwaimbire a Zuze. Musawapepese ayi. Muwafunse ngati pampu ija ndi yawo kapena ya tonse.

Ambuye akusungeni kumeneko. Amayi akuti ndipite ndikawagwadire a Zuze mpunga usanaume. Mundiyankhe msanga, achimwene, chifukwa mawondo anga akukana, koma mbande sizidikira.

Ine mlongo wanu,
Esinati