Mwendo wa Mayi Zuleka

Lolemba, 7 Okutobala 1946

Kutentha. Ntchentche ngati zachita kutumidwa. Thonje latsala pang'ono, mabandeji tikuchapa omwewo mpaka ena asanduka ukonde. Malipiro sanafikebe.

Ogonekedwa pachipatala chathu chaching'onochi ndi awiri, onse zilonda za m'miyendo. Mose, wogwira ntchito ku njanji, ndi mayi Zuleka a ku Lifuwu, akazi a Che Abdallah asodzi aja. Anabwera sabata yomweyo. Onse chilonda pamsongolo, kukula kofanana, ndinayeza ndi ulusi. Mankhwala omwewo, dzanja lotsuka lomwelo, langali, ine dresala wa pano. Cha Mose chauma m'mbali, mnofu wofiira bwino. Cha mayi Zuleka chatupa, chikutentha, mafinya osatha. Sindikumvetsa. Mose ntchito yake n'kudya, kuseka ndi kugona ngati chipika. Mwina mankhwala enieni ndi ulesi.

Lachinayi, 10 Okutobala

Che Abdallah anandiitanira kuseri kwa mtengo wa mango. Mwana wawo Musa, amene anapita ku nkhondo ndi asilikali a Keyala, anamwalira ku dziko la Bama. Malungo, osati mfuti. Uthenga wabwera ndi Jailosi, msilikali mnzake, amene watsika sitima mwezi watha. Mudzi wonse ukudziwa. Osadziwa ndi mayi ake okha.

Che Abdallah anati, "A Dresala, wodwala sauzidwa maliro. Akamva, chilonda chilowa m'kati, ndiye tilira awiri." Ndinavomera kusunga pakamwa. Kwathu ku Chitala timateronso. Sadaka ya mwanayo aiimika kaye mpaka mayi achire.

Mtima ukundiwawa. Chaka chomwe ankapita ndinamuchotsa mbedza m'chala mnyamata ameneyu. Ankaseka uku misozi ikutsika.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Adokotala achizungu a kuboma, obwera kamodzi pamwezi aja. Mose amutulutsa, wapita akuimba. Kwa mayi Zuleka anayang'ana nthawi yaitali, kununkhiza ndi bandeji yomwe. Akuti akadzapeza chili chonchi mwezi wamawa, awatengera ku chipatala chachikulu akadule mwendo m'munsi mwa bondo. Ndinawamasulira mayi. Eni mwendo osadzidzimuka n'komwe. Maso kumsewu basi.

Panja ndinawafunsa adokotala chifukwa chake mankhwala omwewo akugwira wina, wina ayi. Iwo n'kufunsa ngati mayiwo amagona. Sagona. Kudya? Amangotola ngati mbalame. Akuti kumaiko akutali kuli ophunzira amene amasautsa makoswe dala, kuwaika pozizira, kuwatopetsa masiku ambiri. Akawang'amba amapeza zilonda m'mimba, ndiponso tiziwalo tina tomwe akuganiza kuti timateteza thupi titafota. Za anthu akuti sizinadziwike bwino, koma iwo amakhulupirira kuti nkhawa ikakhalitsa thupi limaleka kudzimenyera nkhondo.

Makoswe a m'chipinda chathu cha mankhwala alibe wowasautsa. N'chifukwa chake anenepa chonchi. Za Musa sindinanene. Ndinalonjeza.

Loweruka, 19 Okutobala

Ndayamba kuyang'anitsitsa, khoswe wanga ndi munthu. Lole ya asilikali obwerera ikadutsa, mayi amadzuka n'kukwawira pazenera. M'mawa mwake m'mbali mwa chilonda mwafiira, thupi latentha. Achibale akabwera, chimodzimodzi. Amafika akunong'onezana, pakhomo n'kuyamba kumwetulira onse pamodzi. Lero abweretsa nkhuku, yachiwiri sabata ino.

Atapita mayi anati, "Amuna anga omwe aja, oti dzira likasweka amadandaula mpaka mawa, kundiphera nkhuku kawiri? A Dresala, ine si mwana." Ndinanamizira kufunafuna sizasi, ili m'thumba mwanga.

Nkhukuyo anandipatsa. Elsie wanga ndi ana akondwa. Ine sinandikomere.

Lachitatu, 23 Okutobala

Ulusi woyezera uja sukufikanso. Chilonda chakula.

Ndinapalasa njinga mpaka ku Lifuwu, tayala lakumbuyo lomanga ndi luzi. Che Abdallah ndinawapeza akusoka ukonde. Ndinati chimene tikubisachi ndicho chikudya mwendo. "Inu munaphunzira zotsuka zilonda, a Dresala. Za maliro tisiyireni. Akachira, inshallah, ndiwauza ndekha." Sakuchira poti sanauzidwe, sauzidwa poti sanachire. Ndinawauza choncho. Si munthu woipa. Diso limodzi la ukonde analisoka n'kumasula, kusokanso n'kumasulanso. Akuopa kutsala okha m'nyumba.

Elsie akuti ndizitaye. Mayiwo akafa ndi ine ndidzatchedwe wakupha, ntchito n'kutha, ana tidzawadyetsa chiyani? Sakunama.

Lachinayi, 24 Okutobala

Ndawauza.

Sindinakonzekere. Ndili m'kati momasula bandeji, anati, "Kale ankandidzudzula kuti ndimamutchula kwambiri Musa. Masiku ano ndikamutchula onse amazolika. Inu ndinu Mkhristu, koma Mulungu ndi yemweyo. Tandiyang'anani. Mwana wanga ali moyo?" Ndinati ayi, mayi. Malungo, ku Bama, mnzake Jailosi anali pambali pake. Anafunsa ngati anamusambitsa. Ndinati sindikudziwa.

Kulira kumene kuja sindidzakuiwala. Mpaka mawu kuuma. Odikira mankhwala pakhonde onse anaimirira. Bandeji ndinamanga mokhota, ndinachita kubwereza.

Loweruka, 26 Okutobala

Zoipa. Thupi moto, phala osalawa. Che Abdallah anabwera ndi abale awo, moni sanandipatse. "Akafa, mwapha ndinu."

Mantha. Mwina makolo ankadziwa chimene ankachita pobisa maliro. Makoswe a adokotala si anthu, sabereka mwana n'kumulera mpaka kumera ndevu. Ine ndinangomva nkhani yapakhomo n'kuitengera pamutu. Elsie sanandinene. Bola akanandinena.

Lachinayi, 31 Okutobala

Amayi a ku Lifuwu akubwera kudzakhuza maliro pompano, poti ofedwa sangayende. Mikeka mpaka kumpanda. Chipatala chasanduka siwa, odwala mano akuchita kulumpha miyendo ya anthu. Kulira, mapemphero a dua, kenaka nkhani za Musa ali wamng'ono, mmene anagwetsera bwato la amalume ake pofuna kuonetsa ukatswiri. Mayi anaseka, n'kuliranso.

Jailosi anabwera, anafunsidwa zonse chimodzichimodzi. Akuti Musa anamusambitsa Asilamu anzake a m'gulu lawo, anamuswalira, manda Jailosi akuwadziwa. Mayi anangoti, "Alhamdulillah."

Dzulo agona tsiku lonse, mkonono mpaka pakhonde. Lero phala atha mbale, apemphanso lina. Kutupa kwatsika pang'ono, khungu layamba makwinya. Sindifuna kusangalala msanga. Mwina ndi mankhwala, mwina tulo, mwina zonse pamodzi.

Thonje latheratu. Tikuwiritsa nsalu yakale ya Elsie.

Lachiwiri, 12 Novembala

Mvula yoyamba inagwa Lamulungu, fumbi lagona. Malipiro afika, n'kuthera m'ngongole tsiku lomwelo.

Adokotala. Chilonda chidakalipo, chachikulu ndithu, koma mafinya atha, m'mbali mwamera khungu latsopano. Anayang'ana, kudina ndi chala, kuyang'ananso. Akuti sadula, tione mwezi wina, koma mwendowo asapondere ngakhale pang'ono. Anandifunsa chimene ndasintha. Ndinati mankhwala ndi omwe aja, kungoti mayiwa amva kuti mwana wawo anamwalira. Akuti munthu mmodzi si umboni, koma ndipitirize kuyang'anitsitsa ena.

Che Abdallah sakundilankhulabe. Sindiwaimba mlandu, lonjezo ndinaswa ndine. Chambo chaulere chimene ankandipatsa chathera pomwepo. Anaima pazenera nthawi yonse adokotala akuona chilonda, kofia m'manja. Atamva kuti sadula anakhala pansi padothi.

Adokotala akusamba m'manja, mayi anandikoka malaya. "Muwauze azunguwo, zoti ndisaponde sindilonjeza. Lachisanu ndi sadaka ya Musa. Mpunga wa mwana wanga saphika munthu wina ine ndili moyo."

Ndinamasulira kuti mayi akuthokoza kwambiri.

Mawa m'mawa ndikadule mtengo wa ndodo yoti mayi ayendere.