Moni wa Kuthambo ndi Kalata ya Edmund

Lolemba, 27 Okutobala 2025

Nkhuku 9, mazira 4, mango ogwa 17 (abwino 6). Kutentha koopsa. Kupita ku tchalitchi ku Chipyela mapazi 1,830, pobwerera 1,846. Owonjezerawo ndi a mbuzi ya a Matias imene inanditsekera njira.

Akatekisti agawa timapepala tolembapo mayina a omwalira athu, oti akawerengedwe m'tchalitchi Lamulungu likubwerali. Tibweze pofika Loweruka. Anga ndalemba kale: 11, monga chaka chatha.

Masana kunabwera Alick, mwana wa malemu mng'ono wanga, mmisiri wa matabwa. Anayamba ndi kundikonzera chitseko cha kukhitchini osapemphedwa, ndiye ndinadziwiratu kuti pali nkhani. Ndi yomwe ija ya chaka chatha: ndilembe dzina la achimwene Edmund pa kapepala. Akuti munthu amene anapita ku Bulawayo mu 1966, kalata imodzi yokha, kenako zii, sangakhale ali moyo, ndipo mzimu wawo ukusowa pemphero. Za malo a achimwene a ku Khuyu sanatchule, koma tonse tikudziwa. Banja linagwirizana kuti tsiku limene dzinalo lidzawerengedwe pakati pa akufa, malowo adzakhala a Alick. Ali ndi ana 5 m'zipinda ziwiri. Sindimuda. Koma mlongo wawo wotsala ndine ndekha, ndipo dzanja lolemba ndi langa.

"Amayi aakulu, mudikira mpaka liti?"

Ndinati Loweruka silinafike.

Pa wailesi: chinthu chachilendo chikudutsa chakufupi ndi dzuwa, chochokera ku nyenyezi zina. Akuti ndi chachitatu chiyambire anthu kuziona zotere. Akatswiri ambiri akuti ndi chimwala cha madzi oundana, ochepa akuti mwina ndi chopangidwa. Chopangidwa ndi ndani? Wowerenga nkhani anangoseka n'kupita ku za mpira. Ndifunsa Esme.

Lachiwiri, 28 Okutobala

Nkhuku 9, mazira 5, mango 21.

Esme anadzera kuno poweruka. Mwana wanga ameneyu waphunzitsa sayansi ku sekondale zaka 24, koma ndikamufunsa funso amayamba wayang'ana kumbali ngati ali mu Sitandade 4. Ndinamukonzera mafunso 7 papepala.

Za chinthu chija akuti ndi mwala, ndisadere nkhawa. Ndinamuuza kuti sindikuda nkhawa, ndikufuna kudziwa. Nyenyezi za mu mlalang'amba wathu wokha akuti zimaposa mabiliyoni 100, ndipo zambiri zili ndi maiko ozizungulira ngati lathuli. Ndinatenga pensulo. Kuwerenga imodzi pa sekondi, osagona, osadya, pafunika zaka zoposa 3,000. Ndinabwereza kawiri, zinatuluka zomwezo. Ndakhumudwa pang'ono, chifukwa ndi chinthu choyamba chimene ndavomera kuti sindingachiwerenge.

Funso la nambala 5: ngati maiko ndi ochuluka chotero, kuli anthu? Esme akuti palibe akudziwa. Akuti ku chipululu cha ku Joni kuli mbale zikuluzikulu 64 zoyang'ana kumwamba, ndipo ina mwa ntchito zake ndi kumvetsera ngati kuli wina akuyankhula. Anthu anayamba kumvetsera kotere mu 1960. Zaka 65, sanamvepo liwu.

Ndinati taonani, anthu a madigiri adikira zaka 65 ndipo akuwagulira mbale zina. Ine ndadikira 58 zokha, akunditcha wamakani. Esme anati, "Amama, musalowetsemo amalume." Ndinawalowetsamo kale.

Chachikulu ndi ichi. Mu 1977 anaponya kuthambo chombo chopanda munthu, atachimangirira mbale yagolide yokhala ndi mawu ngati ya galamafoni ija. Muli moni wa zinenero 55. Chinyanja chilimo. Sindinakhulupirire mpaka anandiyimbira pa foni yake. Munthu akufunsa anthu akumwamba kuti ali bwanji. Katchulidwe kake ndi ka uko ku Zambia, ndikanakhala m'kalasi ndikanapereka 6 pa 10, koma ndi moni wathu ndithu. Ndinamvetsera kanayi.

Lachitatu, 29 Okutobala

Mazira 3. Nkhuku yakuda ija yayamba kufungatira.

Ndakhala ndikuganiza za moni uja tsiku lonse. Anachita bwino otumizawo. Mlendo sayamba moni. Amati odi, umamupatsa pokhala, kenako eni nyumba ndiwo amapereka moni mmodzimmodzi. Ngati akumwambawo adzabwere kuno, eni nyumba ndife, ndiye kuyamba kunali kwathu. Koma zaka 48 osayankha? Kaya sunawafike, kaya ndi anthu osaleredwa.

Lachinayi, 30 Okutobala

Mapazi 1,830 ndendende. Msonkhano wa amayi, tinalipo 14.

Titatha mapemphero ndinawafunsa za anthu a ku nyenyezi. Zotsatira: okhulupirira kuti aliko 3, okana 8, oti tisamafunse zotere pafupi ndi tchalitchi 2. Wa 14 ndine, sindinavote.

A Eliness anafuna kudziwa ngati anthuwo anachimwa nawo mwa Adamu, chifukwa ngati sanachimwe ndiye kudzawabatiza n'kutaya madzi. A Happy anati akabwera asadzatsikire ku Lilongwe, kumeneko adzawasunga pa mzere masiku atatu, atsikire konkuno ku Likoma tiwaonetse tchalitchi monga timachitira ndi azungu. Wina anafunsa ngati angadye kondowole. A Eliness anati ngati anatha kudya akatekisti athu ochokera ku Mulanje, aliyense angathe. Tinaseka mpaka akatekistiwo anasuzumira.

Ine ndinakamba za moni wosayankhidwa uja, ndipo ndinakamba mwaukali ndithu. Ndinati munthu ukamupatsa moni, ngakhale akhale ndi mitu itatu, ayenera kunena kuti ndili bwino kaya inu. Onse anavomera.

Nditabwerera ndinapeza Alick akundidikira pakhonde. Anati zaka zakwana 60 tsopano. Ndinati si 60, kalata inabwera mu 1967, ndipo ndinalowa kukatenga kuti aone yekha deti. Imakhala m'buku la mapemphero la malemu bambo, a Yohane, pamene anaiika okha. Chaka chilichonse ndimaitsegula, ndimayang'ana deti pamwamba, ndimachotsera, ndimabweza. Lero Alick anati ndimuwerengere yonse, sanaimvepo.

Ndi mizere 19. 9 Malichi 1967, Makokoba, ku Bulawayo. Apeza ntchito ku njanji. Kukuzizira. Nsomba za kumeneko zilibe kukoma. Afunsa za bambo, za amayi, za ine ndi mayeso anga. Mzere wa 18: "Muli bwanji nonse kumeneko?" Mzere wa 19: "Ndidikira yankho lanu pa sitima yotsatira."

Ndinaima pamenepo. Alick anafunsa kuti nanga munayankha chiyani.

Sitinayankhe.

Achimwene anachoka osatsanzika, atakangana ndi bambo za ntchito ya ku misheni imene anawapezera. Kalata itafika, bambo anaiwerenga kufunafuna mawu opepesa, sanawapeze. Anati mwana wotere alembenso kachiwiri bwinobwino, ndipo pasapezeke wina m'nyumba muno wogula sitampa. Ndinali ndi zaka 20, ndinamvera. Bambo anamwalira mu 1979. Nthawi imeneyo ndinadziuza kuti kuli nkhondo, kalata siingafike. Kenako ndinadziuza kuti anasamuka. Kenako sindinadziuzenso kanthu, ndinkangowerenga zaka.

Zaka 58 ndakhala ndikulemba kuti "achimwene ali chete". Masamu ake anali olondola chaka chilichonse. Koma amene anayankhula komaliza ndi iwo.

Alick anayesa chitseko chija kawiri ngati chikutseka bwino, n'kumapita.

Lachisanu, 31 Okutobala

Sindinatole mazira mpaka masana. 4.

Ndinapita kwa Esme m'mawa asananyamuke. Ndinamufunsa ngati chombo chija chimamvabe akachiyankhula. Akuti inde, mawu amatenga maola oposa 23 kuti achipeze, enanso 23 kuti yankho libwere. Ndinati ngati kumeneko n'kotheka, Bulawayo ndi pakhomo.

Akuti pa watsapu pali gulu la ana a ku Likoma okhala ku Zimbabwe ndi ku Joni, zidzukulu za amene anapita kale, anthu 212. Amatumizirana za maliro ndi zithunzi za sitima. Anati alembe kuti tikufunafuna munthu wotayika. Ndinakana. Sanatayike, ndi ife tinakhala chete. Ndinati ndiyankhula ndekha, ndipo likhala yankho la kalata.

Ndinayamba ndalemba papepala, ndinafufuta katatu. Mawu opepesa ndinawaika poyamba, kenako ndinaona kuti funso lawo ndilo liyenera kuyamba kuyankhidwa. Ndinanena motere:

"Achimwene Edmund, mwana wa a Yohane a ku Khuyu, ndine Marian. Kalata yanu ya pa 9 Malichi 1967 tinailandira. Tili bwino, kaya inu. Mayeso aja ndinakhoza. Bambo ndi amayi anatisiya, mng'ono wanga Evelina nayenso. Mitengo yanu ya mango ya ku Khuyu ilipo inayi, umodzi unagwa ndi mphepo. Pepani yankho lachedwa."

Masekondi 41. Esme anatumiza, kenako anapita kuseri kukatsuka kumaso, akuti fumbi.

Loweruka, 1 Novembala

Nkhuku 9, mazira 4, mango sindinawerenge, ana anatola ndisanatuluke.

Foni imasonyeza amene amva. 8 koloko m'mawa: 87. Masana: 131. 4 koloko: 140. Oyankha 12, onse ongonena kuti Mulungu akuthandizeni agogo. Mmodzi akuti watumiza ku magulu ena awiri, la anthu a njanji akale ndi la mpingo wa ku Makokoba.

Ndinafunsa Esme kuti a mbale 64 aja amatani tsiku likatha osamva kanthu. Akuti amalemba kuti lero palibe, mawa n'kutembenuza mbale kuyang'ana kwina. Anthu abwino.

Kapepala ndapereka ndi mayina 11. Ndinadzera kwa Alick kukamuuza ndekha, asamvere kwa ena. Ndinati sindingaike munthu m'manda tsiku lotsatira nditamupatsa moni, andipatse chaka chimodzi. Anali akupala thabwa. Anati, "Chaka chatha munateronso," koma anandiperekeza mpaka pa mlambe.

Lamulungu, 2 Novembala

Ndilemba mwadongosolo.

6:20 m'mawa ndikumanga mpango, Esme analowa osanena odi, foni ili m'manja. Uthenga wa mawu, mphindi 3 ndi masekondi 8, wochokera kwa mayi wina wa ku Bulawayo. Anayamba m'Chinyanja chopindika, ngati munthu woyenda pa miyala: "Tili bwino, kaya inu." Kenako anapepesa kuti Chinyanja chake chathera pomwepo, n'kupitiriza m'Chingelezi.

Dzina lake ndi Frances. Dzina la amayi athu. Ndi mwana woyamba wa achimwene, ali ndi zaka 54, namwino. Uthenga wanga unamupeza kudzera kwa mayi wa kumpingo amene anazindikira dzina la a Yohane, chifukwa mdzukulu wina amatchedwa choncho. Achimwene anamwalira pa 14 Juni 2011, kunyumba kwawo, atadwala pang'ono. Akuti sankakamba zambiri za kwawo. Ankangoti anachokera pa chilumba chimene chili ndi tchalitchi chachikulu kuposa anthu ake, ndipo analemba kalata, akudikira. Anawo ankayesa nthabwala ya bambo awo. Mawu anayi aja anawaphunzitsa okha, kuti tsiku lina wina akadzawapatsa moni asadzachite manyazi.

Ndinamvetsera kamodzi kokha. Ndinatenga pensulo n'kunyamuka. Akatekisti ndinawapeza akusanja timapepala, ndinapempha kanga. Nambala 12: Edmund, mwana wa Yohane, 1944 mpaka 2011. Powerenga anatchula bwino. Alick anali pa mzere wachitatu wa amuna, anatembenuka kundiyang'ana, ndinagwedeza mutu.

Pobwerera m'pamene ndinazindikira kuti mapazi opita sindinawerenge. Koyamba chipumire ntchito.

Masana Alick anabwera, tinamvetsera limodzi mbali yomaliza, Esme akumasulira. Frances akufunsa ngati angabwere pa Khirisimasi kudzaona mango a bambo ake. Sakufuna malo, ali ndi kwawo, akungofuna kuona. Akufunsa ngati sitima imagwedeza kwambiri, ngati kuno kuli magetsi, ngati timadya chiyani. Sanaonepo nyanja. Alick anaseka koyamba sabata ino, anati ndiye anthu anu a ku nyenyezi aja ndi amenewa, amayi aakulu, tiwayese kondowole. Ndinamuuza kuti maziko a nyumba yake ku Khuyu akhoza kuyamba kukumba, koma mango anayiwo asakhudze mpaka alendo atawaona.

Akubwera 7: Frances, mwamuna wake, alongo ake awiri, ana atatu.

Mipando ndili nayo 5. Alick watenga muyeso wopangira ina.