Ndinati Zikomo, Amayi Anangondipatsa Njira

Aphungu,

Ndine mnyamata wa zaka 16, ndili ku sekondale. Ndilibe mnzanga woti ndimuuze nkhaniyi. M'kalasi amanditchula Kadzidzi chifukwa ndimakhala kumbuyo n'kumangoyang'ana anthu.

Timakhala awiri, ine ndi amayi, m'nyumba ya zipinda ziwiri. Amayi amasoka zovala pakhonde la sitolo ina. Bambo anachoka ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo sanabwerenso.

Chaka chilichonse pa tchuthi chotsekera chaka, wailesi yakanema imaonetsa filimu ina yakalekale ya m'Chingerezi, ya zithunzi zakuda ndi zoyera. Tsiku limenelo amayi amaweruka masana, tonse n'kukhala pampando wathu wothyoka mkono umodzi. Ndili wamng'ono ndinkangofunsa kuti, "Akuti chiyani?" iwo n'kumandimasulira. Pali pena pamene bambo wa chipewa amasiya mkazi ndi mwana pasiteshoni n'kukalankhula ndi wogulitsa matikiti. Pamenepo amayi ankati, "Akuti mwanayo sanalakwe chilichonse. Akuti ndi mwana wabwino, wosokonekera mutu ndi iyeyo." Ndikamva zimenezo mtima unkakhala m'malo.

Chaka chino ndinatchera khutu ndekha, poti Chingerezi ndikuchimva tsopano. Aphungu, bambo uja amangofunsa kuti sitima inyamuka nthawi yanji. Basi. Za mwana satchula n'komwe. Filimu yonse ndi ina, si imene ndinakula nayo. Amayi sukulu sanapite nayo patali. Ankangoyang'ana nkhope za anthuwo n'kumapeka zoti ine ndimve. Chaka chinonso, ngakhale sindinafunse, ananena mawu omwe aja, motsitsa, maso ali pakanema.

Ine ndakula ndikudziona ngati munthu wosafunika, woti ngakhale bambo ake sanamufune. Sindinkadziwa kuti pampando womwewo pali munthu amene wakhala akundisokera filimu yangayanga zaka zonsezi.

Tsono amayi akudwala. Aonda moti madiresi awo awabweza okha pamakina. Sukulu ikatsegulira akukagonekedwa kuchipatala kuti akawachite opaleshoni ya m'mimba. Ndikafunsa amangoti, "Ndi kanthu kakang'ono, iwe werenga." Koma azakhali anga atabwera kudzationa, ndinawaona akupukuta misozi kuseri kwa chitseko.

Filimu itatha ndinawatsatira amayi kukhitchini. Anaima pakhomo akupukuta kapu. Ndinati, "Amayi, zikomo." Iwo anangosendera pambali n'kunena kuti, "Dutsa, koma usaponde madzi apo." Ndinadutsadi. Ndinatenga kapu n'kumwa madzi ndilibe ludzu.

Ndichite bwanji? Ndikawauza kuti ndadziwa, mwina achita manyazi kuti mwana wawagwira bodza. Ndikakhala chete, mwina apita kuchipatala osabwerako, akuganiza kuti ndinkangopempha njira.

K. D.

K. D. mwana wanga,

Powerenga kalata yako, nditafika pakhitchinipo ndaseka pang'ono, kenako ndavula magalasi.

Sunalakwitse iwe, wakupusitsa ndi zikomo wathuyu. Timamutuma ntchito zambiri: pogogoda, podutsa, poitanidwa, ngakhale tikaponda mnzathu phazi m'basi. Ukamunena uli chiimire pakhomo, aliyense akupatsa njira. Ndiye usaimenso pakhomo. Amayi akakhala pansi kuti apume, khala nawo pafupi. Ngati ali ndi nsalu m'manja, uwapemphe aiike kaye pambali. Unene kuti "ndathokoza," ndipo utchule chimene ukuthokozacho: siteshoni, bambo wa chipewa, mawu aja. Kuthokoza kosatchula chinthu kumangomveka ngati ulemu wa pamsewu.

Za manyazi usade nkhawa. Ukuganiza kuti mayi amene amakuona ukuwerenga mabuku a Chingerezi tsiku ndi tsiku sadziwa kuti filimuyo ukuimva? Akudziwa bwinobwino. Chaka chino sankamasulira filimu ayi, ankakuuza iweyo. Komanso usalitchule bodza. Bambo wa chipewa sananene mawuwo, inde, koma kamwana kanali pampando kaja kanalidi kosalakwa. Wina anayenera kukauza, ndipo amayi ako anabwereka pakamwa pa munthu wa mufilimu chifukwa ankadziwa kuti ukufuna kuzimva kwa bambo.

China, pita kwa azakhali ako uwapemphe akuuze zoona za matendawa. Si iwenso khanda, ndipo zongoona kuseri kwa chitseko zimaopsa kuposa zouzidwa. Uwafunsenso kuti uzikhala ndi ndani amayi ali kuchipatala. Kusukulu sankha mphunzitsi mmodzi amene umamukhulupirira, umuuze. Katunduyu ndi wolemera, si wa mutu umodzi.

Koma samala pamenepa: usalankhule ngati ukutsanzikana nawo. Wodwala sachedwa kumva mawu a pamaliro, ndipo akawamva amafooka. Sindingakulonjeze za opaleshoni, sindine dokotala, ngakhale ambiri amapita n'kubwerako. Usadikirenso tsiku lonyamula chikwama, nyumba itadzaza achibale, aliyense akupereka malangizo ake. Lankhula sabata yomwe ino, muli awiri.

Mawu akakuthera pakati, usadzuke. Khala pomwepo mpaka abwere. Lero amayi ako alipo, ndipo akumva.

Aphungu