Masekondi Awiri a Tiwonge

Lolemba, 7 Okutobala 2024

Mwana wanga Tiwonge wabwera kuchokera ku koleji ndi laputopu. Akuti wasintha kenelo, pulogalamu imene imagawira mapulogalamu ena nthawi yogwira ntchito, kuti kompyuta izifulumira. Lipoti la ntchitoyi lipite Lachisanu. Aphunzitsi akayesa okha nkupeza manambala ena, Tiwonge abwereza chaka. Ine wandipatsa ntchito yolemba masekondi amene kompyuta yatenga pomaliza ntchito imodzimodzi. Ndikulemba m'kope langa lolembamo mvula.

Lachiwiri, 8

6:30 m'mawa, kenelo yatsopano, maulendo 10: masekondi 410. 2 koloko masana, yakale: 500. Ndiye pa ulendo umodzi, 41 ndi 50. Tiwonge anavina pakhonde, nkhuku zinabalalika. Amake akuti wavina ngati ine pa ukwati wathu. Si kuyamikira kumeneko.

Lachitatu, 9

Masana anayesa yatsopano kamodzi. 48. Akuti, "Imeneyo musalembe ababa, yangosokonekera." Ndalemba. Malata anali atatentha, laputopu ikupuma ngati munthu wokwera phiri ndi thumba la mbatatesi. Ndayang'ana maola. Dzulo yatsopano yonse tinayesa kukuzizira, yakale yonse kukutentha.

Sindinanene. Anali akuimba.

Lachinayi, 10

Ndamuuza tikumwa tiyi. Ndati poyesa mbewu ziwiri za mbatatesi sindinabzale ina kudimba, ina kumtunda. Ndinasinthanitsa mizere, uwu yakale, uwu yatsopano, kuti nthaka isandinamize. Anayang'ana m'kope nati laputopu ikatentha imadzichedwetsa yokha, iye anaiwala.

"Bwanji simunanene dzulo?"

"Umaimba."

Anatuluka. Anabwera maso ali ofiira, nati tiyambirenso. Tasinthanitsa kuyambira 7 koloko mpaka 4, iliyonse maulendo 20. Yakale 920, yatsopano 880. Ndawonkhetsa katatu. 46 ndi 44. Kusiyana kwa masekondi 9 kuja kwatsika kufika pa 2.

Lachisanu, 11

Anafunsa ngati 2 ndi chinthu choonetsa anthu. Ndati sindidziwa za koleji, koma 2 ameneyo aliyense woyesa amupeza. Wafufuta 9 m'lipoti, walemba 2, pansi pake nkufotokoza za kutentha. Wajambula masamba anga onse, ndi 48 uja yemwe.

Watumiza 11:05. Nditatsegula kope kuti ndilembe, wandilanda cholembera.

"Ola ndilemba ndine, ababa."