Mpiru wa a Nachisale

Lachinayi. Lero kwatentha kwambiri, mitambo yangosonkhana n'kubalalikanso.

Apongozi anga anabwera kuchokera ku Nsipe, ndipo ndinawaphikira kachewere ndi mpiru wotendera. Anadya mokondwa. "Mpiru umenewu ndi wa kudimba kwanu?" anandifunsa.

Ndinayankha kuti inde. Koma wanga unauma kalekale chitsime chitaphwa, poti ndinachita ulesi kuchikumbanso. Womwe ndinaphikawo anandipatsa ndi a Nachisale, oyandikana nawo nyumba, ndipo anali pomwepo pakhonde akuswa mtedza.

Sanandiyang'ane n'komwe. Anangoti, "Eee, mpongozi wanuyu ngolimbikira."

Tsopano apongozi akuti mawa ndiwaperekeze kudimbako, akathyole wopita nawo kwawo. Ndavomera. Sindikudziwa kuti ndikawaonetsa chiyani.